Msoko Wanga Ndimaudziwa

Lolemba, 3 Febuluwale

Adokotala akuti ndizilemba mmene ndikumvera m'thupi. Anayamba afunsa ngati ndimatha kulemba. Mwana wa dzulodzuloli! Sukulu sindinaipondeko, inde, koma zilembo ndinazitola ndekha, polemba ndi choko mayina a makasitomala kunsi kwa nsapato zawo. Ndiye nazi.

Chiwindi. Matenda a dzina lalitali, akuti sagwira anthu ambiri. Ngakhale pa matenda ndachita kusankhidwa. Thupi kuyabwa ngati ndagona pa chitedze. Maso chikasu. Mankhwala ake kuchipatala kulibe, ogula ku famase. Botolo la mwezi umodzi, mtengo wa njinga yatsopano. Ndipo akuti kumwa mpaka kumanda.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Botolo loyamba wagula mwana wanga asananyamuke ndi lole ya abwana ake. Tsiku lobwera ukudziwa ndi msewu. Ndatsala ndi mkazi wake, Namondwe. Dzinalo ndinamupatsa ndine: sayenda, amawomba. Mmamawa ku hotela kukachapa ndi kusita. Madzulo ana, mbale, ine.

Lero waika ndalama pa benchi pomwe ndimasokera. "Poyambira pa botolo lotsatira, bambo." Ndabweza. Ine kudyetsedwa ndi mpongozi manja ndili nawo? Wangondiyang'ana, n'kutola ndalama zake. Kukhala chete kwa mkazi ameneyu kumandiopsa kuposa phokoso lake.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Nzeru zanga. Piritsi ndikulidula pakati ndi mpeni wa zikopa. Theka lero, theka mawa. Chikopa chimene ena amatulutsamo peyala imodzi ine ndimatulutsamo mapeyala awiri, ndiye piritsi lingandikanike?

Makasitomala kulibe. Sabata yonse lamba mmodzi ndi kachikwama ka mwana wasukulu. Anthu a masiku ano nsapato ikangoyasama, kukataya ku dzala.

Lachisanu, 7 Malichi

Magazi aipa kuposa poyamba. Adokotala akuti, "Agogo, mukumwa monga ndinakuuzirani?" Ndati eya. Namondwe ali pambali, akumva zonse.

M'basi pobwerera ndi mmene anati, "Mpeni wanu uja uli ndi ufa woyera, bambo. Chikopa chamtundu wanji chimenecho?" Ndayang'ana pazenera ulendo wonse. Miyendo ndakanda mpaka magazi.

Lachitatu, 12 Malichi

Namondwe wabwera ndi thumba lodzaza nsapato. Za anzake a ku hotela: alonda, ophika, operekera zakudya. Akuti wawauza kuti apongozi ake ndi katswiri, asayerekeze kunenerera. "Amenewa alendo amawapatsa kangachepe, bambo, musawamvere chisoni." Mtengo watchula yekha, wokwera moti ine mwini ntchito manyazi. Koma iyi si mphatso. Thukuta langa.

Mkazi ameneyu! Ndinkati mwana wanga watola wapakamwa. Pakamwa pomwepo lero pakundiitanira malonda.

Loweruka, 29 Malichi

Botolo lachiwiri. Ndalama za singano yanga. Ndaziika ndekha pa kauntala, nditatukula chifuwa.

Piritsi lathunthu tsopano. Namondwe amaima pakhomo mpaka aone kholingo likugwedera. Kuyabwa kwachepa, tulo tabwerera. Thumba limafika Lolemba lililonse. Anthu a ku hotela imeneyo amayenda pa minga kapena?

Lolemba, 14 Epulo

Thumba lina. Nsapato yakuda ya mlonda, chidendene chodyekera kumanja. Ndaitembenuza. Msoko wanga. Ulusi wanga wopaka phula, mfundo yanga yobisika mkati imene wina aliyense saimanga. Ndinaisoka mwezi womwe uno. Msoko wanga sumasuka pa mwezi umodzi. Pali nsapato zimene ndinasoka mwana wanga akadali kumsana, mpaka lero zikuyenda.

Ndavala magalasi. Ulusi wotha ndi kuyenda umanyenyeka ngati ndevu za nkhalamba. Uwu wadulidwa ndi lezala. Ndakhuthula thumba lonse pansi. Zambiri zomwezo, zodutsa kale m'manja mwanga. Polishi watsopano pamwamba kuti ndisazizindikire, choko changa chofufutidwa.

Kaya zoyamba zija zinali ndi eni ake. Izi mwini wake ndi mmodzi: Namondwe. Amazimasula yekha, n'kundibweretsera, n'kundilipira.

Ndapsa mtima. Kundinyengerera ine ngati mwana wokana phala! Mawu oti ndimuuze ndawakonza onse.

Lachiwiri, 15 Epulo

Mawu aja sindinanene. Wabwera mochedwa, akuti masiku ano akusita ndi za mnzake yemwe ali patchuthi. Pondipatsa madzi omwera piritsi ndaona zala. Ziwiri zomata pulasitala. "Nsimbi ya kuntchito, bambo." Nsimbi imawotcha, sicheka. Ulusi wa phula ndi wolimba, lezala imaterereka. Wamucheka ndi msoko wanga.

Ndalama zimene ndinabweza pa benchi zija. Zazungulira, zalowa m'nsapato, zafika m'thumba mwanga, ulemu wanga osakhudzidwa ngakhale pang'ono. Wina akanandikalipira. Wina akanaimbira mwamuna wake kuti bambo anu akudzipha ndi matama. Uyu wandiyeza phazi ndisakudziwa, n'kundisokera yondikwana.

Mwana wanga anakwatira mkazi womuposa. Woposa ndi bambo ake omwe.

Lachitatu, 16 Epulo

Ndasoka zonse. Ulusi wamba, wopanda phula. Misoko yotalikirana. Mfundo kunja, poonekera, yoti kungokoka kamodzi zonse zayasama. Ntchito yonyansa. Amene anandiphunzitsa akanaiona akanandigogoda nayo m'mutu. Chiyambire sindinasokepo chonchi, ndipo dzanja linkakana.

Madzulo watenga thumba. Wasolola yakuda ija, waitembenuza, wayang'ana mfundoyo nthawi yaitali. Ine maso pa singano. Kenaka akuti, "Mlonda uja amakuyamikirani kwambiri, bambo."

Ndati mukamuuze azisamala zala.

Piritsi ndameza lathunthu. Lolemba thumba.