Mphete ya Mkuwa ya Galasi Langa

Ku Mishoni,
Balaka,
Nyasaland.
19 Ogasiti 1951.

Okondedwa achimwene a Wadson,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yanu ya mwezi wa Juni ndinailandira, ndipo jekete munatumiza lija landithandiza kwambiri pa chisanu cha chaka chino. Munafunsa chifukwa chake malembedwe anga asintha. Ndiyankha, koma poyamba mundilole ndipemphe chinthu chimene inu nokha mungandipangire, inu amene mumagwira makina osemera zitsulo kunjanjiko.

M'kaphukusi aka mupezamo pepala lojambulapo mizere, kachingwe ka mfundo ziwiri, ndi bokosi la machesi lodzaza phula. Musataye chilichonse.

Nkhani yake ndi iyi. Galasi la kamera yanga yaikulu ija ndili nalo, koma kamerayo palibe. Bambo wamkulu wa mishoni ino ali ndi kamera yaing'ono ya filimu, ya ku Jeremani, imene galasi lake linasweka iwo atagwa pa mthuthuthu. Tsiku lina anandiuza kuti, "Hilary, iwe uli ndi galasi, ine ndili ndi kamera. Ukatha kuzilumikiza, uzijambulira ndiwe." Vuto ndi lakuti ziwirizi sizigwirizana. Galasi langa limalowa mopota ngati sikuluwu, pamene kukamwa kwa kamera ya Bambo kuli timano titatu, umangolowetsa n'kukhotetsa pang'ono. Komanso kamera yanga inali ndi chikopa chopindika ngati cha kodiyoni, chimene ndinkakoka kapena kukankha mpaka nkhope ya munthu itaoneka bwino. Iyi ilibe. Ndiye pakufunika mphete yokhala pakati, yoti izitha kutalika ndi kufupika.

Tayesa zambiri. A Sadiki, mmisiri wa matabwa wochokera kwa Kawinga amene ndimagona nawo nyumba imodzi, anandisemera ya nsungwi. Inakhala bwino, koma inatalika. Chinthu chili pafupi ngati mkono umodzi chinkaoneka bwino mpaka tsitsi la pakhungu, koma munthu akaima patali pang'ono, mbuu. Titaidula kuti ifupike, inang'aluka, kuwala n'kumalowera pamng'alupo. Kenaka tinapinda zitini ziwiri za mkaka, china kulowa m'chinzake. Imeneyi imatalika n'kufupika ndithu, koma galasi langa ndi lolemera, limaiweramitsa. Bambo anandionetsa buku la katundu la sitolo ina ya ku Blantyre. Muli mphete zingapo, koma zonse ndi za magalasi ang'onoang'ono a masiku ano. Yoyenera galasi lakale ngati langa mulibe, ndipo akuti kuitanitsa ku Mangalande kungatenge chaka.

Choncho ndasankha mkuwa. Mupange mipope iwiri yolowana mopota, mizere yake ikhale yofewa. Mbali ina ikhale ndi timano titatu monga mukuonera paphulapo, mbali inayo ilandire galasi langa monga ndajambula papepalapo. Mfundo yoyamba ya pachingwe ndi kufupika kwake pamene mapiri a kwathu akuoneka bwino. Yachiwiri ndi kutalika kwake pamene nkhope ya munthu yadzaza chithunzi. Ikafupikitsidwa koma n'kuposabe mfundo yoyamba ngakhale ndi chikhadabo, zakutali sizidzaoneka. M'kati mudetse ndi utsi kuti musamanyezimire. Chomaliza, muikepo kachitsulo kotuluka kumbali, kotalika ngati chala, koti munthu azikankha ndi chikhatho popotapo.

Ndikudziwa kuti pamenepa mwaima n'kufunsa kuti, wojambula wanji wopota galasi ndi chikhatho?

Achimwene, ndinakunamizani. Kuno sindinalembedwe ntchito yojambula monga ndinalembera chaka chatha. Ndili kumudzi wa odwala khate, ndipo ndine mmodzi wa iwo. Zala zitatu za dzanja lamanja zinachita dzanzi ndipo zayamba kupindika. Pensulo ino ndaikulunga nsanza kuti ndithe kuigwira. Ndicho chifukwa cha malembedwe aja.

Zinayamba ndi banga loyererako pamkono, limene ndinkabisa ndi malaya. Mukukumbuka pakhonde la sitolo paja pafupi ndi siteshoni, pamene ndinkajambulira anthu opita ku Joni? Tsiku lina ndikukonza mutu wa munthu kuti uongoke, malaya anakwinyika, iye n'kuliona. Anadumpha pampando akukuwa. Sipanapite nthawi anthu anadzaza. Mwini sitolo anatulutsa kamera, miyendo yake, nsalu yakuda ija ndi mpando womwe, n'kuthira palafini. Anthu amene ndinawajambula pa maukwati awo anaima pomwepo akuonerera. Galasi linapulumuka chifukwa ndinali nditalichotsa kuti ndipukute fumbi, phokoso litayamba ndinangoliponya m'thumba. Ndinafika kuno wapansi tsiku lomwelo.

Musaganize kuti akutizunza. Amayi Asisitere amatitsuka mabala ndi manja awo, tili ndi minda, ndipo chaka chino kwabwera mapiritsi atsopano m'malo mwa jakisoni wa mafuta uja wowawa. Akuti ena amachira. Miyezi itatu iliyonse amatipala khungu la kukhutu n'kukaliyeza, ndipo munthu amatuluka pokhapokha akampeza bwino kangapo motsatizana. Ine andipala kanayi, kanayi konse akuti ndidikire. Mpanda kulibe, chipata kulibe, msewu wa ku Balaka uli pomwepa ndipo mphepo ikakhala bwino timamva kulira kwa sitima. Mwezi wa Meyi ndinanyamuka ndithu, ndinayenda mpaka pamtsinje. Amayi amene ankachapa pamenepo atandiona anasonkhanitsa zovala zawo n'kuchoka. Ndinakhala pamwala ndikuganiza khomo limene ndingagogode, kwathu kwa Mposa kapena kwa apongozi kwa Nsamala, ndipo sindinalipeze. Ndinabwerera nthawi ya mapiritsi isanakwane.

Alamu anu a Martina anabwerera kwawo kwa Nsamala ndi mwana wathu Clementina. Poyamba ankabwera mwezi ndi mwezi, n'kuima pansi pa mtengo wa bwemba, ine uku iwo uko, tikucheza mokweza mawu ngati tili kutsidya kwa mtsinje. Chichokereni pa Pasaka sanabwerenso. Mwina ndi ntchito ya kumunda ya thonje. Sindikuwadandaula.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundifulumizitsa. Kuno kuli mayi wina, dzina lake a Lukiya, nawonso a kwa Kawinga. Anabwera ali ndi pakati, ndipo mwana atabadwa anamtenga agogo ake kuti asatenge matenda. Panopa ali ndi zaka zinayi, mayi ake sakuwadziwa. A Lukiya matenda awagwira kunkhope. Nsidze zinatha, ndipo mphuno yayamba kulowa. Atamva kuti ndikulimbana ndi kamera anabwera pakhomo, anagwada patali, n'kunena kuti, "Che Hilary, mundijambule msanga. Mwana wanga adzadziwe kuti mayi ake anali ndi mphuno."

Ndinawauza kuti chida sichinakonzeke, koma anakana kudikira. Anabwereka mpango wofiira, anavala chipini chawo cha pamphuno chimene anasunga m'kansalu, n'kukhala pampando kutsogolo kwa tchalitchi, dzuwa la m'mawa likuwawala bwino. Ndinajambula ndi mphete ya zitini ija, a Sadiki atachirikiza galasi ndi dzanja kuti lisawerame. Ine poyesa kukoka chitini, zala sizinamve kuti ndagwira kapena ayi. Titatsuka filimu m'kachipinda ka Bambo, mpango ndi phewa zinatuluka bwino mpaka ulusi, koma nkhope yonse inali chimbuuzi.

Ndinafuna kubisa chithunzicho, koma a Lukiya anali akudikira pakhomo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Iyayi, ameneyu si ine. Mwana akaona ichi adzathawa." Anandibwezera mwaulemu, napita kukatunga madzi. Achimwene, pa zaka khumi ndi ziwiri zimene ndajambula anthu, sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo tikakumana panjira amangondiyang'ana m'manja kuti aone ngati ndanyamula phukusi. Ndipo si okhawo. A Sadiki akufuna chawo, ndiponso anthu oposa makumi awiri andiuza kuti ndisawaiwale. Filimu yatsala imodzi, ndipo ndalumbira kuti sindiigwira mpaka mphete yanu itafika.

Ngati kapitawo wanu salola ntchito zapadera, mumuonetse kalata ino, sindichitanso manyazi. Za pepalali musaope, Amayi Asisitere amasita makalata athu onse ndi simbi yamoto asanawatumize. Phula lokha ndilo sanasite, koma analidinda ndi Bambo, ine sindinalikhudze. Mukatumiza, mulembe dzina la mishoni, osati langa, chifukwa kupositi phukusi la wodwala limatha masabata lili pakona popanda wolinyamula.

Mundiperekere moni kwa alamu a Nelia, muwauze kuti jekete anasankha bwino. Moni kwa ana, Japhet ndi Sabina. Chithunzi chawo cha ubatizo chija chinapsa pamodzi ndi kamera, andikhululukire. Ngati alamu safuna kuti ana amve za matenda anga, ndimvetsa, muziwauza kuti bambo awo aang'ono ali pa ntchito.

Amayi kwa Mposa sakudziwa kanthu. Anatumiza uthenga kudzera mwa mphunzitsi kuti, mwana wojambula anthu onse a m'Balaka walephera bwanji kutumiza nkhope yake kwa mayi ake? Ndawayankha kawiri kuti ntchito yachuluka. Mphete ikafika, ndidzayamba ndi a Lukiya, kenaka enawo, ndipo chithunzi chomaliza pafilimupo ndasungira ine. A Sadiki ndawaphunzitsa kale podina. Nkhope yanga ikadali bwino, achimwene, khutu lamanzere lokha ndilo latupa pang'ono, ndipo ndidzapendeka kuti lisaoneke. Ndidzavala jekete lanu, manja ndidzaika kumbuyo. Chonde fulumirani.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Hilary.