Kalata ya Agogo Ogwidwa ku Nkhondo Ndi ya Bolopeni

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kuno ku Chama, ndipo sukulu yomweyi yandigwetsera m'mavuto. Agogo anga aamuna, a Adam, adapita ku nkhondo ya Hitler, nagwidwa ndi Ataliyana ku Somaliya, osabweranso. Kumudzi adasiya agogo aakazi ali ndi pakati. Chomwe tili nacho ndi makalata atatu ochokera kundende ya adaniwo. Imodzi imati: "Mwana akakhala wamkazi mumutche Damaris."

Azakhali anga a Damaris, a ku Chikwa, atate awo amawadziwira m'mawu amenewa basi. Mwezi wamawa tikuika mwala wachikumbutso wa agogowo, ndiye adandiuza kuti, "Iwe wasukulu, ukawerenge kalatayi anthu amve kuti dzinali adandipatsa ndi atate."

Nditawayang'anitsitsa makalatawo, ndidaona zokayikitsa. Agogo sankadziwa kulemba ndipo ankalankhula Chisenga, koma makalata ali m'Chinyanja, iliyonse ndi dzanja lakelake. Ya dzina ija ndi ya bolopeni, chonsecho nthawi imeneyo bolopeni kudalibe kuno. Msuweni wanga Robson akuti, "Aphunzitsi, mukawerenga bodza pamaso pa anthu? Ine ndiulula pa WhatsApp ya banja."

Manje ndikawerenge, kapena ndiwauze azakhali?

W.G., Chama

A W.G.,

Kukoleji adakuphunzitsani kukayikira, koma zikuoneka kuti tsiku lophunzira kufunsa mudajomba.

Chinyanjacho chisakudabwitseni, ndicho chinali chilankhulo cha asilikali, Msenga ndi Mbemba yemwe. Manja atatuwonso si mlandu. Wosadziwa kulemba ankanena mawu, mnzake n'kumalemba, ndipo m'ndende munthu sasankha mlembi.

Bolopeniyo ndiye nkhani. Komabe pepala losungidwa kudenga, chiswe chili pompo, n'kumalitambasula chaka ndi chaka, limatha. Ambiri ankapita kwa mphunzitsi wapamudzi kuti awakopere. Mwina ndi zomwe zidachitika. Mwinanso wina adangopeka kuti atonthoze mayi wamasiye. Sindikunamizani, ine sindikudziwa, ndipo inunso simukudziwa.

Kwerani njinga mupite ku Chikwa. Musakafike ndi nkhope ya wapolisi. Mukangofunsa kuti, "Azakhali, kalatayi adakukoperani ndani?" Mungadabwe kumva akukutchulirani dzina lake ndi mtengo umene adakhala pansi pake. Pa makalata awiri enawo funani chidindo ndi nambala ya usilikali, mulembere kosungira zakale ku Lusaka ndiponso a Red Cross, amene amasunga maina a ogwidwa pankhondo.

Yankho likachedwa, kawerengeni ndithu, koma muyambe ndi kuti, "Awa ndi mawu amene banja lathu lasunga." Pamenepo simunaname.

Robson muuzeni kuti asanalembe pafoni, akayambe wanena mawu akewo pamaso pa azakhali. Tione ngati pakamwa patseguke.

Chenjerani, aphunzitsi. Bolopeni ingakuuzeni nthawi imene inki idagwa papepala, koma siingakuuzeni pakamwa pamene mawuwo adachokera. Musawalande azakhali atate awo kachiwiri musanatsimikize.