Fungo la Kafupi

Lachiwiri, 11 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, ku fakitale ya nsomba ntchito ndi yomwe ija, kuimirira tsiku lonse mpeni uli m'manja. Feteleza wa maluwa munatumiza uja anafika, zikomo, koma musatumizenso wina. Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Pafoni ndimalephera, achimwene. Ndikangomva mawu anu ndimaizemba nkhaniyo, n'kuyamba kukufunsani ngati kumeneko kukuzizira. Choncho ndinene mosapita m'mbali: Amayi akudwala, ndipo ndikupempha kuti mubwere.

Mukukumbukira kachitsamba ka rozi kaja, komwe Amayi anakatcha Kafupi poti sikapitirira m'chiuno mwa munthu? Munachoka kadakali m'chitini. Pano katenga theka la kabwalo kathu, ngati kangatchedwe bwalo, poti ukayanika mabulangete awiri ndiye kuti malo atha. Poyamba anthu a mumsewu muno ankawaseka. A Telala oyandikana nafe aja anawauza kuti, "Amayi, pano ndi pamchenga, komanso mphepo ya kunyanjayi imadya ndi malata omwe. Duwa lanulo litha sabata?" Inu mukuwadziwa amayi anu, ukawauza kuti sizingatheke ndiye kuti wawatuma. Anakumba dzenje lolekeza m'mawondo, nathiramo manyowa ndi masamba owola, natchinga mbali ya kunyanja ndi ukonde wakale kuti mphepo izifika itatopa. M'mawa uliwonse ankatsuka masamba ndi madzi a pampopi kuchotsa mchere, ngati akusambitsa khanda. Kafupi anakula, namasula maluwa apinki othithikana, ndipo fungo lake linkakulandira usanakhote n'komwe pakona. A Telala omwewo anasunthira makina awo pafupi ndi zenera.

Ine ndinayamba kukayika za thanzi la Amayi pa nkhani yochititsa manyazi. Zaka zonsezi ndikamaweruka, Amayi ankandichingamira pakhomo ndi mawu amodzi: "Iwe, kubafa! Usandilowetsere nyanja m'nyumba." Kenaka anangosiya. Ndinkalowa ndi fungo langa lonse, kukhala nawo pampando umodzi, iwo osakwinya ndi mphuno yomwe. Ine kupusa kwanga ndinkati ukalamba wawafewetsa mtima. Koma tsiku lina ndinapeza mkaka utapserera pasitovu, nyumba yonse ili kununkha utsi, iwo ali phee akusoka batani, msana atalozetsa kukhitchini. Ndinathamangira kukazimitsa sitovu.

Masiku omwewo ndi pamene anayamba kudandaula kuti Kafupi wasiya kununkhira. Poyamba anaimba mlandu mchere. Kenaka mlandu unagwera ine, akuti ndinathirira madzi ochapira zovala. Nanunso anakudandaulirani pafoni, n'chifukwa chake munatumiza feteleza uja. Nditaona kuti dzanja lawo lamanja layamba kunjenjemera ngakhale angokhala, ndinawanyengerera kupita kuchipatala. Adokotala atawayeza anandiitanira pakhonde ndekha. Anati ndi matenda a mu ubongo amene amanjenjemeretsa manja, ndipo kwa ambiri chimene chimayamba kuchoka ndi kumva fungo. Pang'ono ndi pang'ono kuyenda kudzavuta, mawu adzachepa. Mankhwala alipo ochepetsa manjenje, koma ochiritsa palibe.

Titafika kunyumba, Amayi anandikokera pa chitsamba chija. "Tanunkhiza iwe. Ukumva kanthu?"

Achimwene, fungo linali lochita kukoma mpaka kukhosi. Koma ndinayang'ana nkhope yawo, ndinayang'ana dzanja lija likunjenjemera pa dilesi, ndipo kulimba mtima kunandithera. Ndinati, "Ayi, Amayi, palibe chimene ndikumva."

"Waona? Ndimanena ine," anatero mokondwa, ngati apambana mlandu.

Bodza limodzi limafuna anzake olithandiza. Mawa lake ndinayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti akamadutsa aziyamikira mtundu wa maluwa, koma za fungo asamatchule. Mnyamata wometa tsitsi uja anandiseka, amvekere, "Asisi, ndiye tizidutsa titatsina mphuno?" Nditamufotokozera, kuseka kunatha. Onse anandimvera. A Telala mpaka anapitirira muyeso, kumawauza Amayi ndi nkhope yachisoni kuti chaka chino maluwa onse ali choncho, ndi nyengoyi. Msewu wonse unasanduka wa anthu abodza chifukwa cha ine, ndipo ndinkadziyesa wanzeru.

Chimene sindinaganize n'chakuti Amayi sangaonerere chinthu chawo chikudwala iwo ali manja lende. Anayamba kuchiza duwa labwinobwino. Feteleza wanu uja anathira wochuluka mpaka masamba anapserera m'mbali. Ananyamula zidebe za madzi kuti atsukuluze dothi, ndipo tsiku lina anagwa nacho chidebe pamasitepe, bondo n'kutupa. Kenaka anati vuto ndi nthambi zakale, natenga sizasi ndi dzanja lonjenjemera lija. Ndinawapeza mikono yonse ili mikwingwirima ya minga, Kafupi atatsala ndi nthambi zochepa za mbali imodzi. Ndinawapukuta magazi ndikulira chamumtima, koma pakamwa sindinatsegulebe. Ndinkaopa kuti ndikawauza kuti wodwala si duwa, ndiye kuti ndawauza zonse.

Loweruka lapitali m'mawa anandiuza kuti abwereka khasu. "Rozi yopanda fungo ndi minga chabe. Ndizula ndidzalepo anyezi." Kuntchito tsiku limenelo ndinadzicheka chala, mutu sunali pansomba. Titangoweruka masana ndinathamanga ngati wakuba.

Ndinawapeza atakhala pa chidebe chovundikira, khasu lili pansi, dothi losakhudzidwa. Ankayang'anitsitsa timaluwa tomwe tinatsala pa nthambi zija.

"Takhala pansi apa," anatero osandiyang'ana. Ndinakhala. "Wayamba liti kundinamiza?"

Ndinayesa kukana, koma anandidula ndi dzanja, nandilozera maluwa aja. Panali njuchi, zikulowa ndi kutuluka, zina zikuchita kulimbirana duwa limodzi.

"Iwe ungandinamize. A Telala angandinamize. Nanga izi waziuza ndani? Chikhalireni pano ndikuziona zikudumpha mpanda, kulunjika kuno osasochera. Ndi mphuno yangayi, eti? Tandiuza zimene anakuuza adokotala pakhonde paja."

Ndinawauza zonse, osasiyako kanthu. Amene analira ndine, iwo ayi. Anasisita tsamba limodzi lopserera nati, "Ndiye ndinatsala pang'ono kupha wosalakwa." Atatero anandituma kukabweza khasu kwa eni ake.

Kuyambira tsiku limenelo pali ntchito yatsopano imene andipatsa, ndipo ikundikanika. M'mawa ndisanapite kuntchito ndimawatulutsira mpando pabwalo, ndimatsuka masamba iwo akundilangiza ngati sindinaonepo duwa chibadwire, kenaka amafunsa, "Lero akununkhira bwanji?"

Tsiku loyamba ndinati, "Bwino."

"Bwino ndi fungo limenelo?"

Tsiku lachiwiri ndinati ngati sopo wodula.

"Sopo! Zaka zonsezi ndakhala ndikuthirira sopo?"

Lero ndinayesetsa, ndinati ngati chipatso chakupsa chimene waiwala m'thumba, kuphatikiza kafungo ka tiyi wongothira kumene. Anapukusa mutu, amvekere, "Mwana iwe mphuno yako inaphedwa ndi nsomba." Tinaseka tonse. Koma kuseka kwawo, achimwene, sikuja munkakumva muli kumsewu. Mawu ayamba kale kuchepa, moti ndimachita kuwerama kuti ndimve. Pafoni amadzikakamiza kuti musazindikire, ndipo mukadula amakhala nthawi ali wefuwefu. Atatha kuseka anati, "Mchimwene wako ndiye ali ndi pakamwa. Uja akamafotokoza chinthu umachita kuchilawa."

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo tchuthi sichipezeka wamba. Sindikukuimbani mlandu, kutali munapitira ife tomwe. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndatopa, ndili ndi mantha. Ndikakhala kuntchito ndimangoganiza za sitovu ndi masitepe aja. Katundu musatumize, palibe chimene chikusowa m'nyumba muno choti n'kubwera m'katoni. Kafupi waphukira timasamba tatsopano tofiira, ndipo a Telala, amene masiku ano akudziyesa katswiri wa maluwa, akuti achira. Za iyeyo sindikuda nkhawa. Chimene sindikudziwa n'chakuti Amayi adzakhala akufunsabe funso lija mpaka liti ndi mawu omveka.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti sindinawaiwale. Ana muwapsompsone m'malo mwanga, ndipo ngati n'kotheka mubwere nako kakang'ono kaja, agogo ake amangokadziwa pachithunzi. A Telala akupereka moni, wometa uja akuti mpando wanu ukukudikirani.

Amayi akudziwa kuti ndikulemba. Ali pomwepa pambali panga, ndipo ati ndilembe ndine poti dzanja lawo silingagwirenso cholembera. Ndimafuna kuthyola duwa limodzi ndikuikireni mu envulopu, koma andigwira mkono. Ati ndilembe mawu awo mmene awanenera, ndiye ndi awa:

"Lofota ayi. Akalifuna adzalipeze lili pamtengo, anunkhize yekha, andiuze. Ndipo umuuze afulumire, ndikufuna ndidzathe kumuyankha."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa Amayi