Thole la Amayi Lipita Loweruka

Amayi, kodi mukudzukako bwanji kumeneko?

Ndiyambe ndi chilengezo chofunika kwa inu ndi kwa mtundu wonse wa Amalawi. Lero Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, kuno ku Chinsapo, thole lathu lachita ndowe zolimba bwino, zobiriwira, za ng'ombe yodzilemekeza. Ine mwana wanu, amene munamukazingira zitumbuwa zaka zinayi kuti akatenge digiri, ndinaima m'khola nditavala tayi, n'kumaziyang'ana ndowezo ngati woweruza milandu. Pa wailesi sananene. Ndiye ndati ndikuuzeni ndine.

Thole limeneli inu simunalione. Mlendo, ng'ombe yanu ija, anabereka patangotha masabata atatu tikuikeni m'manda. Lalikazi, Amayi. Zaka zinayi munadikira lalikazi, iye n'kumakupatsani amuna okhaokha, awiri. Mwangotembenuka, wabereka lomwe munkalifuna. Ng'ombe yanuyi ili ndi mwano.

Mwina mukudabwa kuti ine ndikutani m'khola. Maliro atatha tinakhala pansi ana anu atatu. Tadala anati alandilodi awo ku Area 25 salola ngakhale nkhuku. Mavuto anati basi ya ku Joni siyidikira, ndipo chipitireni amangondifulasha pa foni kuti ndimuimbire ine. Onse anagwirizana kuti ng'ombe isamalidwe ndi wophunzira. Choncho ndinasiya kachipinda kanga ku Area 18 n'kudzalowa m'nyumba mwanu muno. Ndimagona kuchipinda chathu cha anyamata chija. Chanu ndimangotsegula mawindo.

Kumunda wa ku Likuni tinapeza matumba asanu ndi anayi, ngakhale feteleza wa makuponi anafika chimanga chitayamba kale kudandaula. Mapesi ndi masamba a mtedza ndinaunjika pa tsindwi la khola monga munkachitira. Tadala anachira, mwana wamkazi wonenepa, mphuno yanu yeniyeni. Dzina ndi Shantel. Nditafunsa zomutcha dzina lanu, alamu, amuna a Tadala, anati mayina akumudzi mwana amasekedwa nawo ku nasale. Ndinavomera. Alamu amagwira ku banki, za kusekedwa amazidziwa bwino.

Tibwerere m'khola. Tsiku loyamba kukama, Mlendo ananditaira chidebe n'kundiponda phazi. Lachiwirinso chimodzimodzi. Kenako ndinakumbukira zomwe munkanena, kuti ng'ombe siyang'ana nkhope, imamva fungo. Ndinatenga chitenje chanu cha maluwa achikasu chija n'kuchimanga m'chiuno, pamwamba pa thalauza la ku ofesi. Mkaka unatsika ngati mpopi. Amayi oyandikana nafe anaseka mpaka kugwira mpanda, koma mpaka lero ndimakama nditavala chomwecho, ndipo sindinachichape.

Mkaka woyamba uja wachikasu ndinatsala pang'ono kuutaya, poyesa kuti ndi woola. Mawu anu ndi omwe anandigwira dzanja: "Woyamba si wa tiyi, ngwa mwini wake." Ndinalisiya thole liyamwe masiku anayi, kenako ndinalipatula kuti liphunzire kumwera m'ndowa. Buku lomwe ndinagula m'tauni limati umize mutu wa thole mu mkaka pang'onopang'ono. Amene analemba bukulo sanakumanepo ndi thole. Ndinasamba mkaka kawiri. Kachitatu ndinachita zanu: ndinaviika zala ziwiri mu mkaka, thole n'kuyamba kuziyamwa, ine n'kumatsitsa dzanja mpaka mlomo wake unafika m'ndowa. Lilime lake ndi lokhakhala, lofunda. Chichokereni inu, chamoyo choyamba kundigwira dzanja chinali chimenechi.

Ndinalakwitsapo kamodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kulitaya. Tsiku lina ndikuthamangira minibasi ndinalipatsa mkaka wozizira, wa m'mawa ndi wa madzulo nthawi imodzi, kuti ndisavutike pobwera. Kuwerengera kwake kunali kolondola. Mimba ya thole sinapite ku yunivesite. Linatsegula m'mimba masiku atatu, maso kulowa m'kati, miyendo njenjenje. Alangizi a ziweto atabwera anandifunsa ngati mayi anga sanandiphunzitse kuyesa mkaka ndi chigongono, kuti ukhale wofunda ngati wochokera kubere. Ndinati anandiphunzitsa, koma nthawi imeneyo ndinali kuwerenga za kayendetsedwe ka boma. Linachira ndi madzi a mchere ndi shuga, pang'onopang'ono, ine nditapempha tchuthi ku ofesi ponena kuti kunyumba kuli matenda. Sindinaname.

Tsopano limadya lokha madeya othira kamchere, ndi nsenjere zomwe ndimadula tizidutswa ndi chikwanje chanu. Madzi ndimasintha kawiri. Lakula, lafika m'chiuno mwanga. Ndipo apa ndi pomwe pali mlandu womwe ndakulemberani.

Mukukumbukira lamulo la gulu lanu la alimi a mkaka. Gululo linakupatsani Mlendo osalipira, koma thole loyamba lalikazi likasiya kumwa mkaka liperekedwe kwa wotsatira pa mndandanda. Wotsatirayo ndi Mai Nyirenda, mnzanu wa ku Mzimba uja wokhala kuseri kwa chigayo. Khola lawo linamangidwa zaka zinayi zapitazo, mulibe kanthu, mumangogona nkhuku. Nsenjere anabzala, zimakula, amadula n'kupatsa ena.

Thole limasiyitsidwa mkaka pa miyezi itatu. Lathuli lakwanitsa isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse ndimalipatsabe kakapu kamodzi, kuti wina akafunsa ndinene mosanama kuti likadamwa. Mai Nyirenda amadutsa Lamulungu lililonse pochokera ku tchalitchi, ndipo ine ndimawayankha Chichewa cha ku ofesi: tikuunikabe, zinthu zili m'dongosolo, tidzakudziwitsani. Digiri yanga yapeza ntchito yake.

Lamulungu lapitali anaima pa mpanda, buku la nyimbo m'khwapa, akuyang'ana thole likumaliza mtolo wonse wa nsenjere. Sanakalipe. Anangoti, "Adada, ine kudikira ndinazolowera. Koma amama anu anandiuza kuti chingwe anagula kale, adzalikoka okha mpaka pakhomo panga."

Atapita ndinalowa kuchipinda kwanu. Chingwecho ndinachipeza m'dengu la pansi pa bedi, chatsopano, chabuluu, chomangidwabe mmene anachimangira wogulitsa.

Ndiye ndowe za lero zija ndi umboni wonditsutsa, Amayi. Thole lochita ndowe zotere silifunanso mkaka wa munthu.

Pali china chomwe sindinauze Tadala ngakhale Mavuto. Munkatiletsa kutcha dzina thole loti lidzapita. Munkati, "Chopita suchitcha dzina, chimapita ndi pakamwa pako." Amuna awiri aja munawagulitsa opanda mayina. Ine ndinaphwanya lamulo lanu sabata yomwe linadwala ija. Ndinalitcha Nachisale, dzina lanu. Musakwiye. Dzinalo linakanidwa ku nasale, ndipo pakhomo pano panalibenso wolitchula. Ndikatsegula chitseko m'mawa ndimati, "Nachisale, mwadzuka bwanji?" ndipo kukhola kumachokera yankho. Ndikatsika minibasi madzulo, limandimva ndisanafike pa geti. Ku ofesi amanditchula bwana, m'minibasi amanditchula biggie, koma wondidikira ndi mmodzi, wa miyendo inayi.

Mawa sindilipatsa kakapu kaja. Loweruka m'mawa ndilimanga ndi chingwe chanu, ndilikoka wapansi kudutsa pamsika, anthu aseke mmene angathere. Ndinyamulanso theka la thumba la madeya kuti lisasinthe chakudya mwadzidzidzi. Dzina sindikawauza Mai Nyirenda. Akalitche lawo.

Buku lija limati ng'ombe ikalandidwa mwana imalira masiku atatu kenako imaiwala. Ndafufuza masamba onse, za wokama silinenapo kanthu. Chitenje chanu nachonso chayamba kununkha ine. Mlendo sanazindikire, kapena wazindikira koma akungondimvera chisoni.

Khola la Mai Nyirenda ligona ndi thole lake Loweruka, zimenezo ndalonjeza. Koma Lamulungu m'mawa ndikatsegula chitseko, moni uja ndipereka ndithu. Mukaumva, dziwani kuti ngwanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani