Phale la ku Bwinja

Mtendere, Lusaka
14 Julaye 2023

Okondedwa alongo anga a Isaiah,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo, kungoti ku Lusaka mu Julaye kumazizira ngati mtima wa mwini nyumba wanga.

Alamu andiimbira foni kuti akuimitsani ntchito ya ulonda ku bwinja lija boma linatchinga ndi waya, ati phale limodzi la makolo akale lasowa m'kanyumba ka alendo. Ndamvanso kuti pamudzi akuti munagulitsa kwa azungu. Inu, munthu woopa ngakhale kutola bowa mkati mwa wayamo!

Alongo, wakuba ndine.

Pa maliro a amayi, azakhali anagawa mbiya zonse zimene amayi anaumba. Ine anati wa m'tauni mbiya achita nayo chiyani. Tsiku lonyamuka ndinabwera kudzakutsanzikani kubwinjako, inu n'kupita kukatsegulira ana a sukulu. Ndinaona phale lili ndi kadzenje m'mphepete, pamene woumba anadinda chala dothi lisanaume, monga ankachitira amayi. Ndinaikapo chala changa, chinakwana ndendende. Basi, ndinalikulunga m'chitenje.

Kuno anthu ndi ambiri ngati nyerere, koma wondigwira dzanja palibe. M'minibasi timapanikizana, osapatsana moni. Ndikaweruka kochapa zovala za eni, ndimafikira pawindo pamene ndinakhazika phalelo, n'kuika chala m'kadzenjemo. Ndimadziwa kuti chala chinadindacho si cha amayi, ndi cha mayi wina amene anafa kalekale dzina lake n'kuiwalika. Komabe mtima umakhala pansi.

A Felistus oyandikana nane ataliona anakuwa, “Ba Tiza, ivi ni vinthu va mizimu, tayani!” Kuyambira pamenepo sabweranso kudzapempha mchere. Anali okhawo ogogoda pakhomo panga.

Phalelo ndalikulunga mu juzi lija la amayi, likubwera ndi basi imodzi ndi kalatayi. Muwaonetse akulu anu a ntchito mawu angawa, dzina langa lipse, lanu liyere. Ndachita manyazi, ndipo ndalira pomanga phalelo.

Moni kwa alamu ndi kwa Kombe wanu wamng'ono. Azakhali muwapatsenso moni, ngakhale sanandisiyire kanthu. Ngati mkwiyo ukulolani kuyankha, musavutike ndi mawu ambiri. Mungopaka chala chanu mwaye n'kudinda pansi pa pepalalo. Pawindo pano patsala poyera.

Ine mlongo wanu,
Tiza