Amake Chisomo Ankachedwa

Lachinayi madzulo, kuno ku Kabwata. Lero mtima sunakhazikike.

Masewera a nkhondo a pa intaneti amene tinkasewera ndi malemu mkazi wanga asintha. Tsopano ukasowa mnzako, kompyuta imakupatsa wake. Mwana wanga Chisomo wandiikira mmodzi pa foni. Akuti, "Adadi, mukamayenda nokha azikuphani msanga."

Chinthucho chimayenda kumbuyo kwanga n'kumandichiritsa ndikavulala, monga ankachitira mayi ake a Chisomo. Koma iwo ankachedwa, n'kumandiseka ndikagwa. Ichi sichichedwa.

Chitandipulumutsa lero, ndinalankhula mokweza kuti, "Zikomo, amake Chisomo." Mwanayo anasiya kutsuka mbale, osatembenuka.

Ndikuopa kuchizolowera. Ndikuopa kudzaiwala kuti iwo ankachedwa. Mawa ndimuuza achichotse. Kapena mkuja.