Vesi Lalowa M'nyumba Mwathu

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tili bwino, ana akupita kusukulu.

Pa 9 Marichi abusa atsopano anawerenga Mateyu 5:32, pamene akuti wokwatira mkazi wosudzulidwa achita chigololo. Mkazi wotero m'tchalitchi monse ndine ndekha. Akulu a mpingo agawikana. Ena akuti ukwati wathu ulibe mlandu, popeza mwamuna woyamba uja ndiye anandithawa. Ena akuti vesi silinasiye mpata. Adzagamula pa 23.

Bambo a ana nditawafunsa maganizo awo, anangoti, "Mayi, ine sindingalimbane ndi Baibulo." Chiyambire tsikulo akugona kushopu kwawo kwa ukalipentala, pakati pa matabwa.

Kodi kachipinda kanu kosokeramo zovala kaja kakadali kopanda munthu? Ndangofunsa chabe.

Ndine mwana wanu,
wa achimwene anu.